Anajambula Ndani?

Achimwene anga ankadziwika ndi makwerero. Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso ndi pakamwa pa malemu amayi athu. Tauni yonse inkangoti a Makwerero, chifukwa kwa zaka makumi atatu palibe anawaonapo mumsewu opanda makwerero athabwa paphewa ndi chitini cha penti kudzanja. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Mukaona mitu yometedwa bwino pakhoma la ometa tsitsi, nkhuku yonenepa pachitseko cha ogulitsa nyama, kapena dzino lalikulu ngati chidebe pakhomo la dokotala wa mano, dziwani kuti panadutsa iwowo.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndipo ndimasoka zovala. Ndinakwatiwa ndi wojambulanso, koma wa kamera. Amuna anga ali ndi kachipinda pafupi ndi positi ofesi komwe amajambula anthu ofuna zithunzi za ziphaso ndi mapasipoti. Iwowo anthu anawapatsa dzina loti a Musaphethire, poti ndiwo mawu amene ankakuwa asanadine batani, kukuwa kwake kochita kudzidzimutsa munthu mpaka kuphethira kumene. Nsalu yabuluu imene imakhala kumbuyo kwa makasitomala ndinapinda ndine, ndipo makina anga amakhala pakhonde pomwepo. Ndakhala choncho pakati pa ojambula awiri, wa bulashi ndi wa kamera, ndipo sindinaganizepo kuti liwu limodzi lomwe timawatchulira onse awiri lidzalanda mlongo wanga ntchito ya manja ake.

Achimwene anali munthu wa mawu ochepa, mawu onse a banja lathu anandisiyira ine. Kujambula sanaphunzire kwa munthu. Ali mwana ankalemba ndi makala pakhoma la nyumba yomwe tinkachita lendi, amayi n'kuwakwapula, kenako n'kuitana anansi kuti adzaone asanafufute. Bambo athu atamwalira, iwo anasiya sukulu kuti ine ndipitirize, ine n'kukalephera mayeso kawiri, koma sanandinenepo. Anakwatirapo kamodzi. Mkaziyo anapirira zaka zinayi, kenako anati sangapikisane ndi zitini, n'kunyamula zake. Sindimuda. Chipinda cha achimwene kuseri kwa sitolo ya misomali chinkanunkha palafini mpaka buledi yemwe ankamveka palafini, ndipo mabulashi ankachapidwa kawirikawiri kuposa malaya.

Khoma loyamba linali la amayi. Amayi athu anasesa padepoti ya mabasi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo atamwalira tinapeza kuti chithunzi chawo chabwino tilibe, ine wokwatiwa ndi wojambula. Ankakana okha, ankati kamera imafuna anthu ovala bwino. Patatha mwezi, Lamlungu lina dzuwa lili paliwombo, achimwene anaimika makwerero pakhoma la nyumba yakale yosungiramo katundu pafupi ndi njanji. Pofika Lachiwiri amayi anali ataima pamenepo, aatali kufika kudenga, tsache lili m'manja, akuyang'ana cham'mbali monga ankachitira akamva basi ikubwerera m'mbuyo. Ngakhale nsapato yawo ya patapata yakumanzere, yomangidwa ndi waya, inalipo. Nditafika ndinangokhala pansi m'fumbi momwemo.

"Simukuopa kumangidwa?" ndinawafunsa.

"Chemwali, munthu akavala ovolosi n'kunyamula makwerero, aliyense amangoti watumidwa," anatero. "Dzulo wapolisi anandigwirira makwerero."

Amayi anakhala pakhomapo masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi anabwera akhonsolo ndi migolo ya laimu, n'kuwafafaniza kuyambira kumutu. Ndinawatukwana anthu aja mpaka mawu anasasa, ndipo ndinalira ngati maliro achitika kachiwiri. Madzulo ake amuna anga anandiikira envulopu pamakina. Anali atapita mwakachetechete ndi kamera, n'kujambula khoma lonse, patali ndi pafupi, mpaka waya wa pansapato uja. Tsiku limenelo ndinawakonda amuna anga kuposa tsiku la ukwati wathu, ndipo ndikunena zimenezi kuti muzikumbukire kutsogoloku ndikayamba kuwanena.

Ntchito inayamba choncho: achimwene kujambula, amuna anga kujambula, akhonsolo kupaka laimu. Koma panali pangano.

"Alamu, khoma jambulani mmene mungathere, koma ine ayi," anatero achimwene. "Nkhope yanga isaoneke, dzina langa musalitchule. Akandidziwa andilanda chilolezo cha zikwangwani. Ndiye ndizidya penti?"

"Musadandaule alamu, pakamwa panga pali loko," anayankha amuna anga.

Kuyambira pamenepo, kamera ikangotuluka m'chikwama, achimwene ankatsika n'kukaima kumbuyo kwa mlamu wawo, akupukuta manja pa ovolosi.

Ankajambula anthu amene maso athu amawadumpha. Wosoka nsapato ali ndi singano pakamwa. Amuna awiri onyamula matumba a simenti, nkhope zili mbuu. Mlonda wa pabanki akusinza, chipewa chili pabondo, yemwe anabwera kudzadandaula kuti amuchotsetsa ntchito, kenako anabweranso ndi mkazi wake kudzamuonetsa. Achimwene sankayamba ndi pepala. Ankakhala pafupi ndi munthu masiku angapo ngati akungocheza, ndipo akakwera makwerero ankayamba ndi mapazi, maso n'kumalizira. Ankati ukayamba ndi maso, chithunzi chimakuyang'anira ntchito ngati kapitawo.

Pang'ono ndi pang'ono ena anatengera. Amakanika anayamba kupopera zitseko za magalaja awo ndi penti wotsala, ana a kukoleji anadzaza mipanda ndi zilembo zopotoka zomwe ine sindinkatha kuwerenga, mphunzitsi wina wamkazi anadzaza kunsi kwa mlatho ndi mbalame. Amuna anga ankazungulira pa njinga kujambula zonsezo zisanafafanizidwe, kumbuyo kwa chithunzi chilichonse n'kulembako tsiku ndi msewu. M'zaka khumi ndi ziwiri makatoni anakwana asanu ndi awiri, onse kunsi kwa bedi lathu. Ndinkalalata kuti tikuweta makoswe, koma posesa ndinkawasuntha mosamala.

Alamu awiriwa ankakondana, ndipo chikondi chawo chinali kunyozana. Akakhala pakhonde langa kumwa tiyi, mkangano unali umodzi womwewo.

"Inu alamu mumati mumajambula? Kudina batani kokha, ngakhale mbuzi ingathe," ankatero achimwene.

"Zanu zimakhala masiku asanu ndi anayi, zanga zidzaona adzukulu," ankabwezera amuna anga. "Wojambula weniweni ndani pamenepa?"

Tonse tinkaseka, ine n'kuwathamangitsa kuti akunditchingira makasitomala.

Achimwene sanagwe pamakwerero, monga ndinkaopera zaka zonsezo. Anagwa pampando, pakhonde pomwepo, kapu n'kugubuduzika mpaka m'ngalande. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo ankachita kukoka, pakamwa panakhota, ndipo mawu ochepa aja anatsala ochepetsetsa, otuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi wouma. Tinawatengera kwathu, m'chipinda chomwe mwana wathu ankagona asanakwatiwe. Ndinawagulira kope ndi pensulo kuti ayesere ndi dzanja lamanzere. Anayesa tsiku limodzi, n'kundibwezera kope lija kuti ndizilembamo miyeso ya madiresi. Makwerero tinawatsamiritsa kuseri kwa nyumba.

Chaka chomwecho kunabwera mayi wina wochokera kunja, wa imvi zodula zazifupi, yemwe anali atatsegula nyumba yoonetsera zojambula m'tauni mwathu. Ankafuna zithunzi zinayi za chilolezo chake chokhalira m'dziko, ndipo anabwera ndi womasulira, bambo wa tayi wolankhula mothamanga. Mayiyo atakhala patsogolo pa nsalu yabuluu, amuna anga anakuwa kuti "Musaphethire!" koma mayiyo sankayang'ana kamera n'komwe. Maso ake anali pachingwe cha pakhoma, pomwe amuna anga ankapachikapo zithunzi za makoma ndi mapegi anga oyanikira zovala. Anadzuka, n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Ine ndinali pakhomo, ulusi uli pakamwa, ndipo zonse ndinazimva ndi makutu angawa.

"Akufunsa kuti anajambula ndani zimenezi," anatero womasulira.

"Ndinajambula ndine," anayankha amuna anga.

"Zonsezi?"

"Zonse. Zina zili kunyumba, makatoni asanu ndi awiri."

"Nokhanokha?"

"Ndekha, ndi njinga yanga."

Bodza panalibe pamenepo, ndipo ine ndinamva kukoma kuti wina wafunsako za makatoni aja. Sindinkadziwa kuti m'chilankhulo cha mayiyo wa bulashi ali ndi liwu lake, wa kamera ali ndi lakenso, ndipo womasulira, pothamanga paja, anatola la bulashi. Mawa lake mayiyo anabwera kunyumba kudzasankha zithunzi. Mbalame za mphunzitsi ndi zilembo za ana a kukoleji ankaziika pambali, n'kumatenga za achimwene zokhazokha, osaphonya ngakhale chimodzi. Diso anali nalo mayi uja. Mwini wake wa makomawo anali kuseri kwa chitseko, mapazi asanu kuchokera pomwe iye anakhala, akulimbana ndi batani la malaya.

Patatha milungu itatu, mnansi wathu anathamangira pakhonde langa ndi nyuzipepala. Amuna anga anali patsamba loyamba, atapinda manja, ataima pakhoma la kunjanji lija lili mbee ndi laimu. Pamwamba analemba kuti katswiri wobisika amene wakhala akupenta anthu m'makoma a tauni wapezeka, ndipo ndi bambo wotola zithunzi za ziphaso.

"Bambo, mwaziona izi?" ndinatero nditalowa m'kachipinda muja. "Pitani mukakonze lero lomwe."

Anawerenga kawiri, thukuta lili kamukamu. "Asokoneza. Ndipita mawa."

Mawa lakelo kunabwera atolankhani a wailesi, tsiku linalo a kanema. Sabata itatha ndinawafunsanso, iwo n'kundiuza kuti manja awo ndi omangika, poti analonjeza alamu awo kuti sadzawatchula.

"Munalonjeza kubisa dzina lawo," ndinatero. "Simunalonjeze kuikapo lanu."

Anatuluka, n'kubwerako atagula chipewa.

Chipewa chimenecho ndinadana nacho kuposa munthu wamoyo aliyense. Chinali chakuda, chopendekera kumbali, ndipo munthu amene anali m'kati mwake sindinkamudziwa. Magalimoto anayamba kutsekereza khonde langa. Anthu omwe ankawaseka kuti a Musaphethire anayamba kuwatchula kuti akatswiri. Anakwera ndege kawiri. Akhonsolo omwe aja, a migolo ya laimu, anawapatsa satifiketi ya m'felemu n'kuwapempha kuti awajambulire khoma la ofesi yawo, amuna anga n'kuyankha kuti dzanja likupuma kaye. Wojambula wa magazini ina anawapatsa bulashi kuti agwire, iwo n'kuigwira ngati supuni.

Mwina mukufunsa kuti nanga anthu a mumsewu, amene ankaona achimwene pamakwerero dzuwa likuswa mtengo, anangokhala chete? Sanakhale chete, kungoti owafunsa anali ochepa. Mtolankhani mmodzi anapita kwa wosoka nsapato uja n'kumufunsa amene anamujambula pakhoma. Iye anayankha mosabisa kuti ndi a Makwerero. Mtolankhaniyo anakondwa, n'kukalemba kuti mumsewu katswiri wa chipewayu amadziwika ndi dzina loti Makwerero. Motero ndi dzina lomwe linapita.

Ndisawanamizire amuna anga, si munthu woipa mtima. Ndiwo ankanyamula achimwene kupita nawo kubafa, ndiwo ankawameta ndevu Loweruka lililonse, ndipo ngakhale atatchuka sanasiye. Koma taganizani munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuyang'ana nkhope za anthu, anthuwo funso lawo n'kukhala limodzi lokha: zituluka nthawi yanji? Mwadzidzidzi anthu ophunzira akukhala chete kudikira kuti alankhule. Zinawalowa ngati mowa. Chomwe ndinaona n'chakuti pometa paja anasiya kuyang'ana alamu awo m'maso, ankangoyang'ana lezala. Loweruka lina ndinawamva akuti, "Alamu, pali nkhani." Achimwene anadikira, thovu lili kumasaya. Foni inalira m'thumba, amuna anga n'kutuluka kukayankha, ndipo pobwera anangomaliza kumeta.

Nyuzipepala ndinkabisa, koma wailesi ya mnansi ndikanaibisa bwanji? Tsiku lina masana ndikusita, mawu a amuna anga analowera pawindo. Ankafotokoza za mayi wa tsache uja, kuti anali mayi wina wosauka amene ankamuona padepoti n'kumumvera chisoni. Ndinayang'ana achimwene. Anali atatchera khutu, dzanja lamoyo lija litagwira lakufa.

"Amayi... athu?" anafunsa.

"Eya, achimwene."

Pawailesi panayamba nyimbo. Ndinazimitsa simbi, n'kuwauza kuti ndikupita pompano kwa mayi wakunja uja, ndikanena zonse, zivute zitani.

"Ayi," anatero. Anapuma, n'kusonkhanitsa mawu ena. "Alamu... anene... okha."

Ndinawamvera, ndipo ndimakonda kunena kuti ndinangomvera achimwene. Zoona zake n'zakuti ndinapepukidwa. Ine amene ndimatukwana akhonsolo pamsewu ndinkaopa kuti nyumba yanga isanduka choseketsa cha tauni, kuti mwana wanga azilozedwa zala kuntchito kwake. Choncho tonse awiri tinakhala kudikira kuti munthu wa chipewa atsegule pakamwa, ndipo achimwene ankaonda mwezi ndi mwezi.

Chionetsero chachikulu cha zithunzizo chinatsegulidwa m'holo ya mayi wakunja uja Loweruka lina masana. Sindinkafuna kupitako, koma m'mawa ndinapeza achimwene atatulutsa okha jekete lawo, atalikoka ndi dzanja limodzi mpaka pabedi. Ndinalisita. Tinakwera takisi, ndipo kuchokera pageti kufika pakhomo tinayenda mphindi khumi, iwo ndi ndodo, ine nditawagwira m'khwapa.

M'holomo munali moyera, mozizira, mopanda fungo la penti ngakhale pang'ono. Zithunzi anazikulitsa kufika msinkhu wa chitseko, n'kuziika m'magalasi. Achimwene anayamba ndi wosoka nsapato, kenako onyamula simenti, kenako mlonda, akuima pa chilichonse monga munthu wolonjera abale. Amayi anali kumapeto, pakhoma lawolawo. Panali patatha zaka khumi ndi zitatu chiwaonere aakulu choncho. Achimwene anaima, anaima, kenako anandipatsa ndodo, n'kukweza dzanja lamanzere kulunjika pa waya wa pansapato. Ankanena nthawi zonse kuti wayayo anamulakwitsa mtundu, anayenera kukhala wadzimbiri.

"Pepani bambo, osagwira," anatero mtsikana woyang'anira m'holomo, mwaulemu ndithu. "Eni ake ali apo, angakhumudwe."

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Ine ndinatsegula pakamwa, koma eni akewo anali atafika kale, chipewa chili kumutu, mayi wakunja uja ali pambali, womasulira ndi makamera pambuyo. Atationa, amuna anga anaima ngati aponda msomali.

"Akufunsa kuti bambowa ndi ndani," anatero womasulira.

Ndinayang'ana amuna anga n'kuwapempha ndi maso, ine amene sindidziwa kupempha. Milomo yawo inagwedezeka. Ndikhulupirira mpaka lero kuti mawu anali atafika palilime.

"Awa ndi alamu anga," anatero. "Amadwala."

Achimwene anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ananso amayi. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono.

"Alamu," anatero, "munajambula... bwino."

Womasulira anamasulira, anthu n'kuwomba m'manja. Mayi uja anapukuta misozi. Amuna anga anavula chipewa n'kumachifinya m'manja, koma sanawonjezerepo liwu.

Mawu atatu amenewo ndawatembenuza mbali zonse. Mwina achimwene ankathokoza, chifukwa popanda kamera ija amayi akanathera m'laimu, ndipo chithunzicho chinajambulidwadi bwino. Mwina ankabaya. M'takisi pobwerera ndinawafunsa kuti amanena kujambula kwake kuti, iwo anangoyang'ana pawindo makoma oyera akudutsa. Sindinafunsenso, ndinkaganiza kuti nthawi ilipo.

Anatisiya patatha milungu isanu, m'mawa, ine ndikuwatenthetsera madzi osamba.

Titaika maliro, amuna anga anakhala masiku atatu osatsegula kachipinda kawo. Tsiku lachinayi anandipempha kuti ndiwaperekeze. Chipewa anachisiya pamsomali. Tinapeza mayi uja mu ofesi yake, ndipo amuna anga anafotokoza zonse, kuyambira pakhoma la kunjanji, mutu uli pansi. Womasulira atayamba kuthamanga ndinamugwira mkono.

"Inu bambo, pang'onopang'ono. Wa bulashi ndi wina, wa kamera ndi wina. Wa bulashiyo ndi achimwene anga, amene munawaona ndi ndodo aja. Tinawaika m'manda Lolemba."

Mayi uja anafiira, analankhula mawu ambiri amene womasulira anasankha kusamasulira, kenako anakhala pansi n'kugwira mutu. Pamapeto pake anati akonza, m'nyuzipepala ndi m'holo momwe, koma pakufunika chithunzi cha mwini wake. Kaya ali pamakwerero, kaya nkhope chabe, bola anthu amuone.

"Zimenezo n'zosavuta," ndinayankha ine, mkazi wa wojambula.

Tinakhuthula makatoni onse asanu ndi awiri pabalaza. Masiku atatu tinagwada pansi, chithunzi ndi chithunzi. Tinapeza miyendo ya makwerero. Tinapeza chitini chili ndi bulashi m'kati. Tinapeza mthunzi wa munthu pakhoma, ndi chigongono cha ovolosi m'mphepete mwa chithunzi china. Nkhope panalibe. Pangano limenelo amuna anga analisunga bwino lomwe, osaphonya ngakhale kamodzi m'zaka khumi ndi ziwiri. Pachithunzi cha ukwati wathu achimwene anaima kumbuyo, akuoneka chipumi chokha. Chiphaso chawo chinakhalitsa m'thumba la ovolosi, palafini n'kudya nkhope yonse, kutsala makutu, ndipo filimu yake inatayika kalekale.

Amuna anga ndiwo anakumbukira kabokosi ka kunsi kwa tebulo m'kachipinda muja, momwe ankaponyamo zithunzi zolakwika zisanakatayidwe. Pansi penipeni panali chimodzi, chitamatirira kuthabwa. Achimwene ali patsogolo pa nsalu yanga yabuluu, tsiku lomwe ankajambulitsa cha chiphaso, pakolala pali dontho la penti. Ndikulikumbukira tsikulo. Mlamu wawo atakuwa kuti "Musaphethire!" iwo anatsinzina dala kuti amukwiyitse. Choncho pachithunzipo akumwetulira, maso ali otseka.

Ndi chimenecho chimene chili pakhomo la holo ija lero, chaching'ono, dzina lawo lili m'munsi. Nkhani yokonza inatuluka patsamba lachisanu ndi chinayi, pambali pa malonda a matayala. Ndinapitako kamodzi kokha. Ndili chiimire, mayi wina wovala bwino anawerenga dzinalo, n'kuyang'ana nkhopeyo, n'kutembenukira kwa ine.

"Koma zodabwitsa," anatero. "Ndiye kuti anali osaona?"

Ndinafuna kumuuza kuti munthu ameneyu anaona waya wa pansapato ya amayi ake, anaona singano pakamwa pa wosoka nsapato, anaona tauni yonse pamene tauniyo sinkamuona. Koma ndinangotuluka n'kukalirira kuseri kwa galimoto ya munthu wina.

Amuna anga anabwerera ku ziphaso ndi mapasipoti. Magalimoto anasiya kubwera, ndipo ena amatiloza zala monga ndinkaopera, koma si zimene zimandiwawa. Sindinawasiye, kukhululuka kwenikweni sindinakhululukenso. Timadya pamodzi, timalankhula za mvula ndi za mwana. Makwerero akadali kuseri kwa nyumba, ndipo chiswe chayamba mwendo umodzi. Ndikakhala pamakina ndimamva kasitomala akukhala pampando, ndimamva amuna anga akukonza nsalu yabuluu, n'kumadikira kukuwa kuja. Sikumveka. Amangodina batani mwakachetechete. Ena amaphethira, iwo n'kujambulanso, koma zithunzi zophethirazo masiku ano sataya.